Kuphunzitsa ana a sukulu kupewa fodya: mafunso ndi mayankho

Ndakhala m'kalasi zaka zambiri, ndipo nkhani ya fodya ndaiphunzitsapo bwino, ndaiphunzitsaponso molakwika. Mafunso ali pansipa ndi amene makolo ndi aphunzitsi anzanga amabwera nawo kawirikawiri. Ena ndawayankha mwachidule. Pa ena ndachedwapo dala, chifukwa ndi pomwe ambirife timaphonya.

Mwana wanga ali ndi zaka 8 zokha. Kodi sindikufulumira kumuuza za fodya?

Simukufulumira. M'mera mpoyamba. Lipoti limene mkulu wa zaumoyo m'boma la America anatulutsa mu 2012 linasonyeza kuti mwa akuluakulu 10 alionse amene amasuta tsiku ndi tsiku, pafupifupi 9 analawa ndudu yoyamba asanapitirire zaka 18, ndipo pafupifupi onse anali atayamba pofika zaka 26. Kusuta ndi chizolowezi chimene munthu amatola ali mwana n'kukalamba nacho. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2024 kuti ana pafupifupi 37 miliyoni a zaka 13 mpaka 15 amagwiritsa ntchito fodya.

Mwana wa zaka 8 waona kale anthu akusuta, panjira, pa TV kapena pakhomo pomwe. Funso ali nalo kale mumtima, kungoti sanakufunseni. Ubwino wa msinkhu umenewu ndi woti mawu a kholo ndi a mphunzitsi akadali olemera kwa iye. Akamafika zaka 13, mawu a anzake amayamba kumveka kuposa anu. Ndi bwino kuti anzakewo adzapeze inu mutafika kale.

Ana amadziwa kale kuti fodya amapha. Nanga amayambiranji?

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Funsani kalasi iliyonse ngati fodya ndi wabwino, ana onse ayankha pamodzi mokweza kuti "ayi". Koma ena mwa oyankha mokwezawo analawa kale. Mwana sayamba kusuta chifukwa chosowa uthenga. Amayamba chifukwa mnzake wapamtima wamupatsa ndipo akuchita manyazi kukana, kapena akufuna kuoneka wamkulu, kapena mkulu wake amene amamusirira amasuta. Wina ali ndi nkhawa kapena chisoni chimene sanauze munthu. Wina n'chifukwa chongoti ndudu ikupezeka mosavuta ndipo palibe amene akumuyang'anira.

Khansa imene timamuopseza nayo iye amaiona patali kwambiri. Mwana wa zaka 12 saganiza za mmene adzakhalire pa zaka 50. Chikumuvuta ndi cha lero masana: anzake amuseka kapena amulandira? Ndiye phunziro limene limangothera pa mndandanda wa matenda limayankha funso limene mwanayo sanafunse. Matenda tiwatchule ndithu, chifukwa ndi oona. Koma nthawi yambiri ipite pa kumukonzekeretsa zochita panthawi imene mnzake wamutambasulira dzanja.

Ndi mfundo ziti zimene ana ayenera kudziwa?

Zochepa, zoona, zobwerezedwa chaka ndi chaka. Utsi wa fodya uli ndi makemikolo oposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa iwo amayambitsa khansa. Zinthu zitatu ndi zosavuta kufotokoza. Chikonga ndi chimene chimamanga munthu kuti asasiye. Phula limamatirira m'mapapo n'kudetsanso mano. Mpweya wa carbon monoxide umalanda malo a mpweya wabwino m'magazi, n'chifukwa chake wosuta amapuma wefuwefu akathamanga pang'ono. Fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse, ndipo oposa 1 miliyoni mwa iwo sankasuta n'komwe, ankangopuma utsi wa ena.

Ana okulirapo amakonda kumva mmene zimenezi zinadziwikira. Mu 1950, Richard Doll ndi Austin Bradford Hill a ku Britain anasonyeza kugwirizana kwa kusuta ndi khansa ya m'mapapo. Chaka chotsatira anayamba kutsata moyo wa madokotala oposa 34,000. Zotsatira za zaka 50, zimene zinatuluka mu 2004, zinasonyeza kuti osuta moyo wonse ankamwalira zaka pafupifupi 10 msanga kuposa osasuta, koma amene anasiya ali ndi zaka 30 anapulumutsa pafupifupi zaka zonsezo. Mfundo yomalizayi musamaidumphe. Ana ambiri ali ndi wachibale wosuta, ndipo ayenera kudziwa kuti kusiya kumathandizadi.

Musaiwale zimene mwana angaone sabata ino: fungo la m'kamwa ndi m'zovala, kutsokomola, kutopa msanga pa mpira, ndalama kuthera mu utsi.

Kulawa kamodzi kokha kuli ndi vuto lanji? Paja amati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha.

Mwambi umenewo ndi wanzeru pa zinthu zambiri, koma pa fodya sugwira. Nyanga ya nsatsi imafota, mwana n'kuitaya. Chikonga sichifota, chimazika mizu. Munthu akakoka utsi, chikonga chimafika ku ubongo m'masekondi pafupifupi 10 n'kuuchititsa kutulutsa kemikolo wotchedwa dopamine, yemwe amapatsa munthu kachisangalalo kosakhalitsa. Ubongo umazolowera, ndipo chikonga chikachepa m'magazi umayamba kuchilirira. Chimenecho ndiye chibaba. Ubongo wa munthu umapitiriza kukula mpaka zaka pafupifupi 25, ndipo mbali yothandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa ndiyo imakhwima pomaliza. N'chifukwa chake wachinyamata amakodwa msanga kuposa wamkulu. Ena amayamba kumva chibaba patangotha masabata ochepa, asanayambe n'komwe kusuta tsiku lililonse.

Kafukufuku amene anaphatikiza mayankho a anthu oposa 200,000 a ku Britain, America, Australia ndi New Zealand anapeza kuti mwa amene analawapo ndudu, pafupifupi awiri mwa atatu alionse anadzafika posuta tsiku ndi tsiku, ngakhale kwa kanthawi.

Ana aang'ono ndimawafotokozera ndi mbedza. Nsomba imaona nyambo yokha, mbedza imadzaidziwa itameza kale.

Ndipo chonde, musakakamize mwana kusuta ndudu zambiri nthawi imodzi kuti "anyansidwe nazo". Chikonga chochuluka ndi poizoni.

Tiziwauza zofanana ana a misinkhu yonse?

Ayi. Wa zaka 5 mpaka 8 amafunika mawu ochepa: mapapo amagwira ntchito yanji, utsi umawapweteka bwanji, akapeza ndudu kapena kabotolo ka madzi a vape (ndudu yamagetsi) asagwire koma auze wamkulu, ndipo ali ndi ufulu wochoka pamalo a utsi. Wa zaka 9 mpaka 12 ndiye wofunika nthawi yathu yambiri, chifukwa ali pakhomo penipeni pa mayesero. Apa m'pophunzira za chikonga, za otsatsa malonda ndi kuyeserera kukana. Kuyambira zaka 13, chepetsani kulalikira. Afunseni maganizo awo, atsutsane, afufuze okha, ndipo dziwani kuti ena mwa iwo akufunika thandizo losiyira, chifukwa anayamba kale.

Nthawi yochoka ku pulayimale kupita ku sekondale ndi yoopsa kwambiri. Mwana amakhala pakati pa anthu achilendo akufunafuna gulu lomulandira. Phunziro libwerezedwe chaka chimenecho.

Kodi zithunzi zoopsa za mapapo owola zimathandiza?

Ndiyankhe ndi kulakwitsa kwanga. Chaka china ndinalowa m'kalasi ya ana a zaka 9 nditanyamula chithunzi chachikulu cha mapapo akuda bii. Ndinachipachika pabolodi n'kunena kuti, "Aliyense wosuta amathera apa." Mnyamata wina kumbuyo anakweza dzanja n'kuti agogo ake akhala akusuta kuyambira kalekale koma ali bwinobwino, ndipo anzake anaseka. Kamtsikana kena kakutsogolo sikananene kanthu. Nthawi yopuma ndinakapeza pakhonde katakumbatira mawondo, misozi ili chuchuchu. Kanandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti bambo anga amwalira liti?"

Tsiku limenelo ndinataya ana awiri onsewo. Mnyamata uja anandigwira bodza, chifukwa si zoona kuti wosuta aliyense amadwala khansa, ndipo kuyambira pamenepo ankakayikira zonse zimene ndinkanena. Mtsikana uja ndinamusenzetsa mantha amene analibe nawo pothawira. Sangawasiyitse fodya bambo ake, ndipo ine sindinamuuze kuti kusiya kumathandiza.

Masiku ano mwana akanena za agogo ake ndimamuvomereza. Ndimamuuza kuti inde, ena amafika ukalamba akusuta, koma mwa anthu osuta osasiya, mpaka theka amafa ndi matenda obwera ndi fodya, ndipo palibe amene amadziwiratu mbali imene agwere. Zithunzi zili ndi malo ake, makamaka pamapaketi a ndudu, pomwe zimakumbutsa wosuta nthawi iliyonse akamatsegula. Koma m'kalasi mantha amazilala pasanathe sabata, ndipo saphunzitsa mwana mawu oti adzayankhe mnzake.

Kodi maphunziro a kusukulu amathandizadi, kapena tikungotaya nthawi?

Ena amathandiza, ena ayi, ndipo ndi bwino kunena zimenezi poyera. Ku Washington m'dziko la America kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa Hutchinson Smoking Prevention Project. Anatsata ana oposa 8,000 kuyambira ali ndi zaka pafupifupi 8 mpaka atamaliza sekondale. Zotsatira zitatuluka mu 2000, panalibe kusiyana pakati pa amene analandira maphunzirowo ndi amene sanalandire. Inali nkhani yowawa kwa onse okonda ntchitoyi.

Koma mu 2013 bungwe la Cochrane linaunika kafukufuku 134 wa m'masukulu, ndipo chithunzi chinaoneka bwino. Maphunziro ongopereka uthenga sanasinthe kanthu. Amene ankaphunzitsa ana luso la moyo, monga kudzidalira, kupanga chisankho, kuthana ndi nkhawa ndi kukhala bwino ndi anzawo, makamaka akaphatikiza ndi luso lokana, ndiwo anachepetsa chiwerengero cha oyamba kusuta. Pophatikiza onse, oyamba kusuta anachepa ndi 12 pa 100 alionse. Si chozizwitsa, koma pasukulu ya ana ambiri ndi miyoyo ingapo.

Njira imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya ASSIST, imene anaiyesa m'masukulu 59 a ku England ndi Wales, zotsatira zake n'kutuluka mu 2008. Anafunsa ana a zaka 12 ndi 13 kuti atchule anzawo amene amawamvera ndi kuwalemekeza. Otchulidwa kwambiriwo, ngakhale amene aphunzitsi ankawaona ngati ovuta, anawaphunzitsa n'kuwapempha kuti azingocheza ndi anzawo za fodya panjira ndi pabwalo. Kusuta kunachepa. Mwana amamva msanga mawu a mnzake amene amamusirira kuposa a mlendo wobwera ndi chimkuzamawu kamodzi pachaka.

Kuyeserera kukana kumachitika bwanji?

Ine ndimatenga choko kukhala ndudu, n'kuitana ana awiri kutsogolo. Chofunika kwambiri n'choti wonyengererayo akhale ngati mnzake weniweni. Ana timawachenjeza za anthu achilendo, koma ndudu yoyamba kawirikawiri imachokera kwa mnzake, msuweni kapena mkulu wake. Kukana mdani n'kosavuta. Chovuta ndi kukana munthu amene mawa ufuna kusewera naye.

Wonyengerera amati, "Aise, kokako pang'ono." Ulendo woyamba winayo amangoseka, maso ali pansi, phazi likukanda simenti. Timabwereza. "Ayi aise, ine zimenezo ayi." Wonyengerera amaonjezera moto: "Ukuopa amayi ako eti? Ndiwe khanda?" Apa ndimaimitsa sewero n'kufunsa kalasi yonse kuti ayankhe bwanji. Mayankho abwino amachokera kwa iwo: "Ndili ndi mpira mawa, ndikufuna mpweya wanga." "Kwathu akangomva fungo, ndathera pomwepo." "Zisiye izo, tiye tikasewere." Wina amangonena kuti ayi n'kutembenuka kumapita. Pofika ulendo wachitatu mawu amakhala atalimba, mutu uli chilili. Ana amanyazi ayesere awiriawiri pamalo awo, musawakokere kutsogolo.

Makolo, muuzeni mwana wanu kuti ali ndi chilolezo chokukankhirani mlandu. Anene kuti kwathu ndi ovuta. Kwa mwana amene sanalimbe mtima, limenelo ndi khomo labwino lothawira.

Mwana wanga akuti "aliyense amasuta". Ndimuyankhe bwanji?

Ndi masamu. Achinyamata amakonda kuganiza kuti anzawo osuta ndi ambiri kuposa mmene alili, chifukwa osuta amaonekera, amakhala pagulu ndipo amadzitama, pomwe osasuta sachita phokoso. M'kalasi, aliyense alembe pakapepala kuti akuganiza kuti mwa ana 10 amsinkhu wake osuta ndi angati. Kenako pakapepala kena, osalemba dzina, ayankhe ngati iye wasutapo mwezi uno. Werengani pamaso pawo. Kawirikawiri zoganiza zimaposa zenizeni kutalitali, ndipo mwana amazindikira kuti pokana ali mbali ya ambiri.

N'chifukwa chiyani ena amati tiziphunzitsa ana za makampani a fodya?

Chifukwa wachinyamata amadana kwambiri ndi kupusitsidwa. Mukamuuza kuti "usasute, ndakuletsa", mwamupatsa chinthu choti apandukire. Mukamuonetsa kuti pali anthu amene anakhala pansi n'kukonza njira zomukolera kuti adye ndalama zake moyo wonse, mkwiyo wake umalunjika koyenera.

Umboni ulipo wochuluka, chifukwa milandu ya ku America inachititsa kuti zikalata zamkati za makampani zituluke poyera. Chikalata cha kampani ya Philip Morris cha 1981 chinanena kuti wachinyamata wa lero ndiye angadzakhale kasitomala wokhazikika wa mawa. Kampani ya R.J. Reynolds inkatsatsa ndudu ndi ngamila yojambula yotchedwa Joe Camel, ndipo kafukufuku wa 1991 anapeza kuti ana 9 mwa 10 a zaka 6 ankadziwa kuti ngamilayo ndi ya ndudu. Ankaizindikira mofanana ndi chizindikiro cha Mickey Mouse. Kampaniyo inasiya kuigwiritsa ntchito mu 1997. Mu 2006, woweruza Gladys Kessler anagamula kuti makampani akuluakulu a fodya anakhala akunamiza anthu kwa zaka zambiri. Kampeni ya "truth", imene inayambira ku Florida mu 1998, inamangidwa pa mfundo yomweyi yoonetsa achinyamata machenjera a makampani, ndipo inathandiza kuchepetsa kusuta pakati pawo.

Lero nyambo zasamukira m'mafilimu, m'mavidiyo a nyimbo ndi kwa anthu otchuka pa TikTok ndi Instagram. Ana aphunzire kufunsa mafunso atatu akaona munthu akusuta pa sikirini: walipira ndani, akufuna ndimve bwanji, ndipo sakundionetsa chiyani?

Kampani ya fodya ikufuna kuthandiza sukulu yathu ndi mabuku oletsa ana kusuta. Tilandire?

Musalandire. Uthenga wawo nthawi zambiri umati kusuta ndi chisankho cha akuluakulu, ndipo palibe mawu okopa mwana wa zaka 13 kuposa amenewo. Philip Morris inayambitsa kampeni ya "Think. Don't Smoke." mu 1998, ndipo kafukufuku wa 2002 anapeza kuti achinyamata amene anaiona anali omasukirapo kudzasuta. Pangano la mayiko lolimbana ndi fodya la WHO, limene linavomerezedwa mu 2003 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2005, limanena mu gawo 5.3 kuti mfundo za umoyo zitetezedwe ku zofuna za makampani a fodya.

Nanga vape, shisha ndi fodya wosasuta? Ana akuti zimenezi n'zosaopsa.

Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndudu yamagetsi ya masiku ano anaipanga Hon Lik wa ku China mu 2003, ndipo lero WHO imati pali mitundu ya makomedwe yosachepera 16,000, yambiri ya zipatso ndi maswiti. Zina zimaoneka ngati cholembera kapena flash ya kompyuta, moti kholo limatha kuiona patebulo osaizindikira. Ana ambiri amaganiza kuti akupuma nthunzi ya madzi. Si madzi. Muli tizidutswa ting'onoting'ono tolowa m'mapapo, makemikolo opatsa fungo, ndipo zambiri zili ndi chikonga, nthawi zina champhamvu kwambiri. Dziko la Britain linaletsa kugulitsa ma vape ogwiritsa ntchito kamodzi n'kutaya kuyambira pa 1 June 2025.

Mwana wochenjera adzakuuzani kuti anamva zoti vape imathandiza anthu kusiya ndudu. Musamutsutse ngati wanama. M'mayiko ena akuluakulu amene anakodwa kale amaigwiritsa ntchito pofuna kusiya. Koma iye sanakodwe, ndiye palibe chimene vape ingamupulumutseko. Ingomupatsa chibaba chimene analibe.

Shisha, fodya wosutira m'botolo la madzi, imanyenga chifukwa utsi umadutsa m'madzi n'kuzizira. Madziwo sachotsa poizoni, makala amaonjezera carbon monoxide, ndipo munthu amakoka utsi kwa nthawi yaitali kuposa wa ndudu imodzi. Fodya wofwenkha ndi wotafuna alibe utsi koma ali ndi chikonga, amawononga nkhama ndipo angayambitse khansa ya m'kamwa. Timapaketi ta chikonga toika pansi pa mlomo natonso timakola chimodzimodzi.

Ine ndimasuta. Ndingamuletse bwanji mwana popanda kuoneka wachiphamaso?

Mungathe, ndipo mawu anu angalemere kuposa a munthu amene sanalawepo. N'zoona kuti ana a makolo osuta amayamba kusuta kawirikawiri kuposa anzawo, koma kukhala chete ndiye kumaonjezera ngoziyo. Muuzeni zoona: munayamba muli ndi zaka zingati, anakupatsani ndani, mwayesa kangati kusiya, m'mawa mumamva bwanji pachifuwa. Mawu oti "mwana wanga, ndikanadziwa sindikanayamba" sawaiwala.

Kenako zochita. M'nyumba ndi m'galimoto musasutiremo, ngakhale mutatsegula zenera, chifukwa utsi umatsalira m'makatani, m'mipando ndi m'zovala. Utsi wa ena umadwalitsa ana chibayo ndi matenda a m'makutu, umautsa mphumu, ndipo umaonjezera ngozi ya imfa yadzidzidzi kwa makanda. Musamutume kukagula ndudu kapena kukuyatsirani. Musasiye paketi poti angatengepo imodzi inu osazindikira. Mukaganiza zosiya, muuzeni, ndipo mukagwa aone mukudzukanso.

Kwa aphunzitsi osuta mawu ndi omwewo. Ana amanunkhiza, ndipo amaona zimene zimachitika kuseri kwa ofesi.

Nanga ana amene makolo awo amalima kapena kugulitsa fodya?

Mabanja ambiri m'mayiko monga China, India ndi Brazil, omwe ndi alimi aakulu a fodya, komanso m'mayiko ena ambiri, amadalira mbewu imeneyi. Mwana wa m'banja lotere asatuluke m'kalasi akuona ngati makolo ake ndi zigawenga. Kholo likufuna kudyetsa ana ake, ndipo alimi ambiri safuna n'komwe kuti ana awo azisuta. Kambani za zimene fodya amachita m'thupi, musaweruze anthu.

Pali mfundo imodzi imene ana otere ayenera kuimva. Chikonga chimalowanso kudzera pakhungu munthu akagwira masamba aawisi onyowa ndi mame, mvula kapena thukuta, ndipo chimayambitsa nseru, kusanza, chizungulire ndi mutu. Thupi la mwana ndi laling'ono, limagwidwa msanga. Ntchito yogwira masamba a fodya si ya ana.

Sukulu yathu ilibe zipangizo. Tingachite chiyani?

Zambiri sizifuna ndalama. Pa masamu, ana atenge mtengo wa ndudu imodzi, achulukitse ndi zisanu patsiku, kenako ndi masiku 365, n'kulemba zimene ndalamazo zingagule. Pa sayansi, athamange pamalo amodzi kwa mphindi imodzi kenako ayese kupuma kudzera m'kachubu kopyapyala komwera zakumwa, kuti amve mmene munthu wa mapapo owonongeka amavutikira. Ana a mphumu asachite nawo zimenezi. Pa za chilengedwe, kambani za zotsalira za ndudu: pafupifupi 4.5 thililiyoni zimatayidwa chaka chilichonse, ndipo fyuluta yake ndi ya pulasitiki. Pa chilankhulo, alembe sewero kapena ndakatulo. Tsiku la 31 May, lokumbukira kuipa kwa fodya padziko lonse, ndi labwino kuonetsa ntchito zawo kwa makolo, bola lisakhale tsiku lokhalo pachaka.

Kuyatsa ndudu m'kalasi poonetsa phula pa thonje ine sindikulimbikitsa. Ana amapuma utsi womwewo umene tikuwaletsa.

Kodi sukulu payokha ingakwanitse?

Ayi, mutu umodzi susenza denga. Mwana amamva phunziro kwa mphindi 40, kenako amatuluka n'kupeza ndudu zikugulitsidwa imodziimodzi pafupi ndi geti. Zimene zimachepetsa kwambiri kusuta kwa ana ndi malamulo. Mtengo ukakwera ndi 10 pa 100 chifukwa cha msonkho, kusuta kumatsika ndi 4 kapena 5 pa 100, ndipo achinyamata ndiwo amabwerera m'mbuyo kwambiri poti ndalama zawo n'zochepa. Gawo 16 la pangano la WHO lija limafuna kuti mayiko aletse kugulitsa fodya kwa ana ndipo ayesetse kuletsa ndudu zogulitsa imodziimodzi. Australia inayamba mu 2012 kugulitsa ndudu m'mapaketi opanda mitundu yokopa. Komiti ya makolo ingayambe ndi zapafupi: pasukulu pasakhale wosuta aliyense, kaya mphunzitsi, mlonda kapena mlendo, ndipo ogulitsa oyandikira akambirane nawo.

Ndapeza ndudu m'chikwama cha mwana wanga. Nditani?

Choyamba, musalankhule naye mtima uli m'mwamba. Dikirani mpaka mkwiyo utsike, ngakhale litakhala tsiku lotsatira. Mukamukalipira kapena kumumenya, chimene aphunzire ndi kubisa bwino. Sankhani nthawi imene muli awiri, mwina mukuyenda kapena mukugwira kantchito limodzi, chifukwa ana amamasuka ngati sakuyang'anizana ndi kholo maso ndi maso. Nenani zimene mwaona: "Ndapeza ndudu m'chikwama mwako. Sindikufuna tikangane, ndikufuna ndimve." Akati ndi za mnzake, musalimbane nazo, pitirizani kucheza. Funsani kuti anayamba liti, amasuta ndi ndani, amamva bwanji akakhala osasuta. Ngati amakwiyakwiya, kusowa mtendere kapena kufuna ndudu akangodzuka, ndiye kuti chikonga chagwira kale, ndipo mawu oti "ungosiya" sakwanira.

Funsaninso chimene chili pansi pake. Nthawi zina ndudu ndi utsi chabe wa moto wina: kuzunzidwa ndi anzake, kulephera m'kalasi, mikangano ya pakhomo, kapena chisoni.

Aphunzitsi aakulu, ganizirani kawiri musanamuimitse sukulu mwana wogwidwa ndi fodya. Mukamutumiza kunyumba sabata yathunthu, mwamupatsa nthawi yambiri yosutira popanda womuona, ndipo mwamutalikitsa ndi anthu amene akanamuthandiza. Chilango chikhalepo, koma chimusunge pasukulu ndipo chiphatikize uphungu.

Akufuna kusiya. Timuthandize bwanji?

Asankhe yekha tsiku, ataye ndudu ndi machesi onse, ndipo auze mnzake mmodzi wodalirika. Mumuuziretu kuti masiku atatu oyamba ndi ovuta kwambiri, ndipo kusowa mtendere kumachepa pakatha masabata awiri mpaka anayi. Chibaba chimabwera mwamphamvu koma chimatha pakapita mphindi zochepa. Panthawiyo amwe madzi, apume mozama, ayende, kapena akuimbireni foni. Lembani naye malo ndi nthawi zimene amasutira, monga njira ina yochokera kusukulu, n'kupeza china chochita pa ola limenelo. Thupi limayamba kuchira msanga: pakatha maola 12 carbon monoxide amatsika m'magazi, ndipo pakati pa masabata 2 ndi 12 mapapo amayamba kugwira bwino ntchito, zomwe wosewera mpira amazimva yekha. Mankhwala othandiza kusiya asamwe popanda kuonana ndi wachipatala.

Akagwa n'kusutanso, musamunene kuti walephera. Akuluakulu ambiri amene anasiya anayesa kangapo. Khalani naye pansi, mufunseni kuti anali kuti, anali ndi ndani, ankamva chiyani, kenako musankhe limodzi tsiku lina.